Dzanja la Che Sharifu Pakhosi pa Mbuzi

Che Sharifu ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Ndinali nditangotumizidwa kumene kudera la Kalembo ngati mlangizi wa ziweto, ndipo tsiku lina masana, ndikudikira kuti andimatire tayala la njinga pa Ulongwe, wailesi ya mmisiriyo inayamba kulankhula ngati mbuzi. Sindikutanthauza munthu wongolira "mee" pakati pa mawu monga achitira ana posewera. Iyayi. Inali ngati mbuzi yeniyeni yaphunzira Chichewa, ndipo inkadandaula kuti mwini wake waimangirira pa chingwe chachifupi pamene nandolo wa mnansi ali pomwepo. Mmisiri uja anasiya tayala langa m'madzi n'kutchera khutu.

"Ameneyo ndani?" ndinafunsa.

"Simukuwadziwa Che Mbusi? Ndiye ndinu mlendodi," anatero. "Mbusi ndi mbuzi m'Chiyao. Dzina lawo lenileni ndi Che Sharifu. Ndi omwe aja amazinga mbuzi kuseri kwa msika."

Ndinene msanga kuti ine sindinalembepo nkhani ya munthu. Zimene ndinazolowera kulemba ndi malipoti a katemera. Choncho zonse zili m'munsimu ndinawawerengera eni ake, ndipo pamene anandikonza ndakonza. Pamene sindikudziwa bwino ndanena kuti sindikudziwa.

Che Sharifu ndi bambo wachikulire, wamfupi, wa ndevu zoyera pang'ono, ndipo kofiya sachoka pamutu pawo. Anabadwira ku Chikweo, n'kudzakwatira kuno kutsidya la Shire. Ntchito yawo yozinga mbuzi iyenera kufotokozedwa kwa amene si a kuno. Pamsika wa kuno Asilamu ndi Akhristu amagula nyama pa benchi limodzi. Ndiye wogulitsa aliyense, kaya amapemphera kuti, sazinga yekha mbuzi yake. Amaitana Msilamu wodziwika kuti ndi wopemphera, kuti atchule dzina la Mulungu ndi kudula monga mwa chilamulo. Ngakhale a Yoram, amene ali ndi benchi lalikulu kuposa onse ndipo ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, mpeni wozingira saugwira. Wogula asanaloze mwendo kapena nthiti amayamba wafunsa kuti, "Wazinga ndani?" Kwa zaka zambiri yankho linali limodzi, ndipo likangomveka munthu ankatulutsa jumbo yake osafunsanso china.

Nditawazolowera ndinawafunsa kuti mawu a mbuzi anawaphunzira kuti. Ndinkayembekeza kuti anena za ubusa wa paubwana. Iwo anangondionetsa chikhatho cha kumanzere.

"Linaphunzira ndi dzanja ili, alangizi. Kukhosi kwangaku kunangotsatira. Mbuzi usanaizinge umaigwira apa kuti ifatse. Ikamalira, dzanja limamva kumene mawu akuchokera. Anthu amamvera mbuzi ndi makutu, n'chifukwa chake amaiphonya."

Akuti anayamba kumaziyankha mbuzizo m'mawu awo omwe kuti zisachite mantha. Jasten, mnyamata amene amakonza masewero pa wailesi ya m'dera lathu, anawapeza tsiku lina akuchita zimenezo, ndipo sanathe kusiyanitsa kuti walira ndani pakati pa awiriwo. Umu ndi momwe anabadwira Tonde, mbuzi ya m'sewero la alimi la Loweruka masana.

Kusitudiyo ndinakafikako chifukwa Jasten ankafuna munthu woona ngati zonenedwa za chitopa cha nkhuku zinali zolondola. Situdiyoyo ndi kachipinda kokhomedwa mathireyi a mazira m'makoma, ndi bulangete pachitseko. Ndinaona zinthu zimene sindinkaziganizira. Poyamba, Che Sharifu salankhula ataimirira ngati anzawo. Ikafika nthawi ya Tonde amagwada, n'kutsamira manja pa mpando, khosi atalitambasula, ndipo Jasten amatsitsa maiki kuti iwapeze pansipo. M'kamwa amaikamo kachidutswa ka chinangwa chouma.

"Mbuzi simaliza chiganizo," anandiuza titapuma. "Imakhala ikubzikula. Inena pang'ono, itafune, iiwale zimene imanena, iyambe zina. Ukailankhulitsa ngati mphunzitsi, waipha."

Ndinafunsa chifukwa chake salira "mee" kawirikawiri.

"Kamodzi poyamba, kamodzi pomaliza. Pakatipo womvera amalira yekha m'mutu mwake. Ukachulutsa, wasanduka munthu woseka mbuzi. Ine sindiseka mbuzi."

Nkhuku amaichita mosiyana. Amakhala chonjuta, mutu ukuyenda uku ndi uku, kotero kuti mawu ena amagwera pa maiki ndipo ena amaphonya. Akuti nkhuku ndi mayi amene waona zoopsa ndipo akufuna auze mudzi wonse asanapume: timawu tifupitifupi tambiri, kenako limodzi lalitali. Ng'ombe amailankhulira mu mtsuko wopanda madzi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sanafulumirepo chibadwire. Galu, akuti, nthawi zonse amakhala akupepesa ngakhale asanalakwe. Koma chachikulu pa zonse, chimene ankabwereza kwa aliyense, chinali chakuti nyama usanaipatse mawu uyenera kukhala nayo m'khola, kuigwira pakhosi ndi m'nthiti, kumva fungo lake, mpaka udziwe chimene ikufuna. Zimenezi sankabisa. Ankazinena pamsika, pamaliro, ngakhale pa wailesi pomwe atafunsidwa. Dera lonse linkadziwa kuti Che Sharifu sachita nyama imene sanaigwire.

Chaka chathachi, mvula itangosiya, chigodola cha nkhumba chinalowa m'midzi ya kumadzulo kwa msewu, kumene mabanja ambiri achikhristu amaweta nkhumba. Matendawa alibe mankhwala kapena katemera. Chimene chimathandiza ndi kutsekera nkhumba, kusalola alendo kukhola, ndi kukwirira zakufa m'malo mozigulitsa. Ndinayenda mudzi ndi mudzi kunena zimenezi, koma nkhumba ikayamba kufooka anthu ankathamangira kuipha n'kugulitsa nyama, ndipo matenda ankayenda ndi nyamayo.

Mmodzi mwa amene khola lawo linatha ndi Mayi Gladys, mayi wamasiye wa ana akuluakulu, amenenso ndi woyambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo. Inatsala nkhumba imodzi yokha yaikazi, imene inali m'kakhola kapadera chifukwa inali ndi bere. Iwowa ndi amene anandiimitsa panjira.

"Alangizi, inu mukalankhula anthu amagwedeza mutu kenako amakachita zawo. Koma Tonde atanena kuti mbuzi ya mphere isagone ndi zinzake, mudzi wonse unamanga makola awiri. Bwanji nkhumba nayo ikalankhule pa wailesi?"

Ndinapita nawo kwa Jasten, ndipo Jasten anakondwera. Anatchula ndi dzina lomwe: Namadeya. Koma titakhala pansi ndi Che Sharifu, iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Nkhaniyo ndi yabwino, ndipo anthu akuvutikadi. Koma nkhumba sindinaigwirepo pakhosi, ndipo sindidzaigwira. Dzanja ili limagwira mbuzi za anthu."

"Madala, simungangoyerekeza? Kungomvera chapatali basi," anatero Jasten.

"Ndiye ukufuna nkhumba kapena ukufuna nkhalamba yoliza mkonono?"

Jasten anayesa kuika kulira kwa nkhumba kochokera pa foni pansi pa mawu a mtsikana wina wa m'gulu la osewera. Titamvera tonse tinangoyang'anana. Zinkamveka ngati mtsikana akuwerenga chilengezo pafupi ndi khola. Apo Che Sharifu anatembenukira kwa Mayi Gladys, amene anali atakhala pakona ndi chikwama chawo pamiyendo.

"Achemwali, nkhumbayo mumaidyetsa ndinu?"

"Ndine."

"Ikadwala amagona tulo ndani?"

"Palibe amagona."

"Ndiye mwini mawu ndinu. Ine ndingokuonetsani pogwira."

Mayi Gladys anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, koma ataona kuti bamboyo sakuseka, analeka. Anakana kaye. Kenako anavomera, koma ndi pangano limodzi: munthu asadziwe. Mwana wawo wamkazi anali pafupi kuchita chinkhoswe ndi mnyamata wa ku Liwonde, wa banja lolemekezeka.

"Kuno dzina likakumata silichoka," anatero. "Inuyo amakuitanani Che Mbusi, ndipo mbuzi ndi nyama yaulemu. Ine apongozi akamve kuti mayi wa mkwatibwi ndi nkhumba ya pa wailesi? Ndikaima kutsogolo kwa kwaya anthu azimva chiyani?"

Tonse atatu tinalonjeza. Che Sharifu anawonjeza kuti, "Wallahi, pakamwa panga sipadzatuluka."

Maphunziro ake ndinawaona ndi maso, chifukwa ndinkapita kukayendera nkhumba yabere ija. Che Sharifu sanalowe pabwalo. Anakhala pa muzu wa mtengo wa mango kutsidya kwa kanjira, njinga yawo ataitsamiritsa pambali. Ine zinandikomera, chifukwa lamulo langa la chigodola nalonso silinkalola mlendo kufika pakhola. Mayi Gladys ankalowa m'kholamo, n'kumafuula zimene apeza.

"Ikani dzanja pakhosi," ankatero Che Sharifu. "Pakunjenjemera?"

"Pang'ono. Koma kwambiri kukunjenjemera kumphuno."

"Kumphuno? Chabwino. Tsopano dzanja lina m'nthiti. Ikamalira, mimba ikufufuma kapena ikuphwa?"

Panapita kanthawi. Kenako mawu anachokera m'khola: "Zonse ziwiri, achimwene. Kwina ikulira potulutsa mpweya, koma kwina ikukoka."

Che Sharifu anadzuka pa muzu paja. "Mwati ikukoka? Onaninso bwino."

"Ndaona. Ikamafufuza pansi ndi mphuno, phokosolo likumveka mpweya ukulowa."

Sindinawaonepo bamboyo atadabwa chotero. Anayenda uku ndi uku m'mbali mwa kanjira, akulankhula okha m'Chiyao. Anati mbuzi, ng'ombe, nkhosa, nkhuku, zonse zimene anazigwirapo zimalira potulutsa mpweya, ndipo sankadziwa kuti Mulungu analenganso ina yolankhula chobweza. Ndinaona kukhosi kwawo kukuyenda, milomo ikufuna kutseguka. Anaika chikhatho pakamwa n'kukhalanso pansi.

"Yesani inuyo," anatero. "Tsegulani kamwa pang'ono, lilime ligone, mukoke mpweya ndi mphuno ndi kukhosi nthawi imodzi."

Zoyamba zinali zomvetsa chisoni. Mayi Gladys anatsamwa, anakhosomola, ndipo nkhumba inawayang'ana n'kupita pakona. Che Sharifu anawaletsa madzi ozizira, n'kuwauza kuti azimwa ofunda othira ginja, ndiponso asayese kopitirira kanthawi kochepa patsiku, kuopa kuwononga mawu a kwaya. Vuto lina linali lakuti mayiwa anazolowera kuimba, ndiye chiganizo chilichonse ankachikweza kumapeto mokoma.

"Mukuimbira ndani? Nkhumba ili ndi mutu pansi. Weramani. Lankhulani ndi dothi."

Tsiku lina anawafunsa kuti nkhumbayo imafuna chiyani pamoyo wake. Mayi Gladys anati chakudya. Che Sharifu anati nyama zonse zimafuna chakudya, limenelo si yankho. Mayiwo anakhala m'kholamo nthawi yaitali akuiyang'anitsitsa. Potuluka anati, "Iyi ikufunafuna anzake. Imapita kukhoma la khola lakale lija n'kumanunkhiza. Ikamadya imasiya mbali ina ya chodyeramo, ngati kuti wina abwera."

"Basi," anatero Che Sharifu motsitsa mawu. "Namadeya ndi ameneyo. Musamuchititse nthabwala kwambiri. Anthu aseka okha."

Tinajambula tsiku limene ena a m'gululo kunalibe. Mayi Gladys anagwada pa mkeka, patsogolo pawo pali beseni la madzi osakaniza ndi madeya, ndipo ankavundula ndi dzanja polankhula. Tonde anali kumbali ina ya chipinda, akufunsa mwachipongwe chake kuti bwanji khola la anansi lakhala zii. Namadeya anayankha ndi mawu amene pambuyo pake ana ankawabwereza m'misewu: "Anzanga anapita pa njinga, atakulungidwa m'masamba a nthochi. Amene anawagula anagula ndi maliro omwe." Anakoka mpweya kamodzi poyamba, kamodzi pomaliza. Jasten anachotsa zomvera m'makutu. Pamapeto pa sewero, potchula mayina a osewera, anangoti, "Namadeya, mnzathu wina."

Sewerolo linagwira ntchito, ngakhale sindinganene kuti linathetsa matenda lokha. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu anayamba kundiitana kuti ndikaone pamene akwirira, zimene kale sizinkachitika. Koma linabweretsanso china chimene palibe mwa ife anachiganizira.

Anthu a kuno ankadziwa zinthu ziwiri. Ankadziwa kuti nyama zonse za pa wailesi ndi Che Sharifu. Ankadziwanso, kuchokera pakamwa pawo pomwe, kuti sachita nyama imene sanakhale nayo m'khola ndi kuigwira pakhosi. Nkhumba ija ikanamveka moipa, bwenzi anthu atangoseka. Koma inamveka bwino kwambiri. Ndipo panapezeka wina amene anaona njinga yawo itatsamira mtengo wa mango pafupi ndi kwa Mayi Gladys.

Sizinachite phokoso. Palibe anawatukwana. Kungoti pa benchi la a Yoram, munthu akafunsa kuti "Wazinga ndani?" n'kumva yankho, ankati abweranso, osabweranso. Nyama inayamba kutsala mpaka madzulo. Patapita masabata angapo a Yoram anawaitanira pambali, ine ndili pomwepo kuyeza nyama.

"Akulu, ine ndilibe nanu mlandu. Kwa ine nkhumba ndi ndiwo. Koma makasitomala achisilamu, anzanu omwe, ndi amene akukana. Tangonenani kuti si inu, ndipo mutchule amene anachita, nkhani ithe."

"Si ine."

"Nanga ndani?"

"Mnzathu wina."

"Aaa, akulu. Yankho limenelo ndi la pa wailesi. Ine ndikufuna la pamsika."

Che Sharifu anapukuta mpeni wawo, anaukulunga m'kansalu, n'kupita. Kuyambira tsiku limenelo a Yoram anayamba kuitana munthu wina wa kumzikiti wa kumtunda, ndipo mabenchi ena anatsatira. Ndinamva kuti shehe wa kumzikiti kwawo anawafunsa, iwo analumbira kuti nkhumba sanaikhudze, ndipo shehe anawakhulupirira n'kuuza anthu Lachisanu kuti kunamizira munthu ndi tchimo. Koma mtima wa wogula nyama suyendera chilengezo. Anthu ankati, mwina shehe akunena zoona, komabe tigule kwina kuti tisakayike.

Chimene chinkawapweteka Che Sharifu sichinali kuchepa kwa ntchito kokha. Tsiku lina ndinawapeza atakhala kumbuyo kwa msika nthawi imene ankakhala otanganidwa, akumvera mbuzi ikulira m'manja mwa munthu wina uja.

"Akuigwira molimba kwambiri," anatero osandiyang'ana. "Imvani mmene mawu akutsamwira. Ikufa ndi mantha isanafe ndi mpeni."

Ndinawapempha kuti andilole ndikalankhule ndi Mayi Gladys. Anakana. Anati pangano silikhala pangano ngati ulisunga pokhapokha zinthu zili bwino, ndipo mayiyo ali ndi mwana woti akwatiwe. Jasten anafuna kulengeza pa wailesi kuti Namadeya ndi munthu wamkazi, koma Che Sharifu anaseka n'kumukumbutsa kuti nkhuku ya m'sewero nayonso ndi yaikazi, ndipo aliyense akudziwa mwini wake. Ine sindinapite kwa Mayi Gladys ndi nkhaniyi. Anaimva okha, chifukwa kuno nkhani siyenda ndi munthu mmodzi.

Zotsatirazi zinachitika tsiku la msika, m'mawa dzuwa litakwera, kutatsala masiku ochepa kuti chinkhoswe chichitike. Ndinali pa benchi la a Yoram. Ndinaona Mayi Gladys akubwera atavala chitenje chatsopano, akukoka mbuzi yonenepa pa chingwe, ndipo pambali pawo pali mayi wina wovala bwino amene sindinkamudziwa. Pambuyo pake ndinamva kuti anali azakhali a mkwati, amene anabwera kudzathandiza kugula zofunika.

"A Yoram, mbuzi iyi ndi ya chinkhoswe. Kubwera alendo a mitundu yonse, ndiye izingidwe bwino. Ndiitanireni Che Sharifu."

A Yoram anakanda kumutu. "Mayi, masiku ano tikuitana wina. Ngati kukubwera Asilamu, ndiye bola winayo, kuti alendo anu adye ndi mtima umodzi."

"Chifukwa?"

Anayankha ndi bambo wina amene ankadikira chiwindi. "Inu simukudziwa? Ndipo akuti khola lake linali lanu lomwe. Munthu sangalire ngati nkhumba chonchija asanaikumbatire."

"Zoona," anatero Mayi Gladys. "Sangathe."

Anapatsa azakhali aja chingwe cha mbuzi kuti agwire. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukonza chitenje. Kenako anawerama, manja pa mawondo, nkhope kuloza pansi, n'kukoka mpweya.

Phokoso lija linamveka mpaka kwa ogulitsa tomato. Mbuzi inadumpha. Ndipo pamsika ponse panamveka mawu amene aliyense ankawadziwa: "Anzanga anapita pa njinga, atakulungidwa m'masamba a nthochi. Amene anawagula anagula ndi maliro omwe."

Bambo wa chiwindi uja anatsegula pakamwa osatseka. Kenako mayi wina wogulitsa mandasi anayamba kuseka, ndipo msika wonse unatsatira, ena akuwomba m'manja, ena akuitana anzawo kuti adzaone. Mayi Gladys anaweramuka, nkhope ili thukuta.

"Nkhumba ndi yanga, khola ndi langa, khosi ndi langa," anatero. "Bambo aja anakhala kutsidya kwa njira ngati mlendo wodikira basi. Pabwalo panga sanapondepo. Tsopano ndiitanireni munthu azinge mbuzi yanga."

"Tabwerezani, mayi, ena sanamve," anatero a Yoram, akupukuta maso.

"Mukamvere Loweruka. Pano ndabwerera nyama."

Che Sharifu anali atafika kale, ataima kumbuyo kwa anthu ndi kansalu ka mpeni m'manja. Anthu anawapatsa njira. Ndinkaganiza kuti athokoza, kapena anena mawu aakulu. Iwo anayang'ana Mayi Gladys n'kunena kuti, "Achemwali, kumapeto mwathamanga. Ndipo mwaiwala kukoka mpweya kachiwiri."

"Ndinali ndi mantha, achimwene."

"Nkhumba nayo inali ndi mantha, koma sinathamange."

Atatero anatenga chingwe kwa azakhali aja, anagwada, n'kuika chikhatho cha kumanzere pakhosi pa mbuzi. Inalira kamodzi, iwo anaiyankha motsitsa, ndipo inafatsa. Ananyamuka nayo kupita kuseri. Bambo wa chiwindi uja anauza a Yoram kuti adikira cha mbuzi yotsatira, ngati azinge ndi omwewo.

Kuti ndisanene zopitirira zimene ndikudziwa: si onse anabwerera tsiku lomwelo, ndipo benchi limodzi mpaka lero likuitanabe munthu wina uja. Koma a Yoram ndi ena ambiri anabwerera kwa Che Sharifu, ndipo funso lija la "Wazinga ndani?" likulandiranso yankho lakale.

Zimene Mayi Gladys ankaopa zinachitikadi. Dzina linawamata. Ana akawaona panjira amakoka mpweya m'mphuno n'kuthawa, ndipo ngakhale abusa awo akuti analakwitsa tsiku lina n'kuwaitana Mayi Namadeya pa zolengeza. Chinkhoswe chinachitika. Sindinapiteko, koma Jasten, amene anali kumeneko ndi zokuzira mawu, akuti azakhali aja anafotokozera abale onse a ku Liwonde, ndipo nthawi ya kufupa anthu anakana kuponya kanthu mpaka mayi wa mkwatibwi atalankhula ngati Namadeya. Mayi Gladys akuti nkhani imeneyi Jasten amaikometsera, koma sanaikane. M'kwaya akuyambitsabe nyimbo. Nkhumba ija inabereka, ndipo ana ake ali moyo.

Nditawawerengera Che Sharifu zonsezi, anandikonza malo awiri okhudza kazingidwe. Ndinafunsa ngati pali china cholakwika.

"Iyayi, zili bwino. Koma pali chimene chimandisowetsabe mtendere, alangizi. Inu munaphunzira za matupi a nyama. Mpweya ukamalowa, chimene chimanjenjemera n'chiyani? Ndi pakhosi penipeni, kapena ndi kanyama kaja ka kumwamba kwa kamwa?"

Ndinawauza kuti ndikuganiza kuti ndi ka kumwamba kwa kamwa, monga zimakhalira munthu akamaliza mkonono, koma sindinali wotsimikiza, ndipo ndikafufuza m'mabuku.

"Mabuku sanaigwire," anatero. "Ndikawafunsa achemwali aja akaikenso dzanja."